MPHUNZITSI WA MADOKOTALA NAYENSO APHUNZIRA

 Nkhani ya lero iri ya anthu amene ambiri a inu simunawaone ndi maso, koma nchito yao ifika pa khomo la munthu ali yense. Anthuwa ndiwo aphunzitsi a m'masukulu a udokotala, amene aphunzitsa anyamata ndi atsikana kufikira atakhala madokotala. Makamaka nkhaniyi inena za maphunziro ena amene aphunzitsiwo alandira iwo eni atakula kale, ndiwo maphunziro a kufufuza za umoyo wa anthu onse pamodzi.

Nyumba ikadontha m'nyengo ya dzinja, mai wa m'nyumbamo athamanga kuika miphika ndi mbale pamene pagwa madzi, kuti ufa ndi zofunda zisanyowe. Acita bwino ndithu, pakuti usiku umenewo palibe cina cimene angacite. Koma mvula ikaleka, pafunika wina akwere pa denga kukaona pamene udzu wawola. Dokotala wa m'cipatala afanana ndi woika miphika uja: alandira wodwala amene wafika, namuciza monga adziwira. Wofufuza za umoyo wa anthu afanana ndi wokwera pa denga, pakuti iye afunsa cifukwa cace odwala a nthenda yomweyo acokera mudzi womwewo caka ndi caka. Dziko lisowa anthu onse awiriwa, ndipo kuli kokoma koposa ngati nzeru zonse ziwiri zikhala m'mutu wa mphunzitsi mmodzi.

M'caka ca 1957, pa cipatala ca Mulago mu mzinda wa Kampala ku Uganda, dokotala wa opaleshoni dzina lace Denis Burkitt anaona mwana wotupa nsagwada mwa mtundu wacilendo. Sipanapite nthawi yaitali, anaonanso mwana wina wa nthenda yomweyo pa cipatala cina. Munthu wina akadangoti ndi tsoka la ana awiriwo, napitirira ndi nchito yace. Burkitt anafunsa funso lina: kodi nthendayi ipezeka kuti, nanga ndi kuti kumene siipezeka? Anatumiza makalata ndi zithunzi ku zipatala zambiri za mu Afrika, nalemba mayankho ace pa mapu. M'caka ca 1961 iye ndi madokotala anzace awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale nayenda mailosi ngati 10,000 pa masabata 10, nacezera zipatala zoposa 50. Ulendowo unadzeranso m'maiko atatu ano, amene masiku amenewo anali kuchedwa Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia.

Pobwera anapeza kuti cotupaco cikonda malo otentha ndi a mvula yambiri, monga m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, koma cisowa ku mapiri kozizira. Pambuyo pace kunadziwika kuti malowo ndi omwewo kumene malungo abvuta kwambiri, ndipo m'caka ca 1964 Anthony Epstein ndi anzace ku London anapeza kacirombo katsopano m'zidutswa za cotupaco zocokera ku Kampala. Burkitt sanayambe ndi makina a mtengo wapatali. Anali ndi funso, buku lolembamo, mapu ndi khama la kuwerenga. Nzeru yotere iphunzitsika, ndipo ndiyo imene aphunzitsi a madokotala afunika kukhala nayo.

Masukulu oyamba a udokotala m'maiko ano si akale kwenikweni. Ya ku Harare inatsegulidwa m'caka ca 1963, mzindawo ukuchedwabe Salisbury, mothandizana ndi yunivesite ya Birmingham ya ku England. Ya ku Lusaka inaturutsa madokotala ace oyamba m'caka ca 1973. Ya ku Blantyre inayamba m'caka ca 1991, ndipo mmodzi wa amene anailimbikira kwambiri anali Pulofesa John Chiphangwi, dokotala wa amai. Sukulu ya ku Blantyre inaika lamulo kuyambira paciyambi kuti ophunzira ace azipita ku Mangochi kukaphunzira za umoyo pakati pa anthu a m'midzi, ndipo kuyambira m'caka ca 2021 iri mbali ya Kamuzu University of Health Sciences.

Aphunzitsi a m'masukuluwa anasankhidwa cifukwa ca luso lao pa kuciza, wina pa ana, wina pa amai apakati, wina pa opaleshoni. Koma luso la kuciza munthu mmodzi ndi luso la kufufuza za anthu 10,000 ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri a iwo sanaphunzire caciwirico. Tsono mphunzitsi apatsa cimene ali naco. Ngati iye sadziwa kuyesa ngati mankhwala akuti athandizadi anthu a kwao, adzangobwereza za m'mabuku olembedwa ku maiko ozizira, kumene matenda, zakudya ndi makhalidwe ziri zina, ndipo ophunzira ace adzacita cimodzimodzi kwa zaka 30 kapena 40 za nchito yao. M'caka ca 1990 bungwe lina la akatswiri a m'maiko ambiri linaonetsa kuti mwa ndalama zonse zimene dziko lapansi linali kuononga pa kufufuza za umoyo, magawo 5 okha mwa 100 ndiwo anali kupita ku mabvuto a maiko osauka, cinkana maikowa ndiwo anali kusenza magawo 93 mwa 100 a imfa zopeweka. Motero kunaoneka poyera kuti ngati eni dziko safufuza za matenda ao, palibe wina adzawafufuzira mokwanira.

Nanga mphunzitsi wa madokotala akabwerera pa mpando wa wophunzira, aphunzira ciani? Coyamba aphunzira kuwerenga odwala pamodzi ndi anthu onse amene odwalawo acokera pakati pao. Yerekezani kuti m'mudzi wina mwadwala anthu 20, ndipo m'mudzi wina mwadwala anthu 10. Munthu wofulumira adzati nthenda yakula m'mudzi woyamba. Koma ngati mudzi woyambawo uli ndi anthu 2,000 pamene waciwiri uli ndi anthu 200 okha, ndiye kuti m'mudzi woyamba wadwala mmodzi mwa 100, ndipo m'waciwiri adwala 5 mwa 100. Cithandizo ciyenera kuthamangira ku mudzi waciwiri, ndipo citsime ca mudzi umenewo ndico ciyenera kuyamba kuonedwa.

Caciwiri aphunzira kulinganiza magulu awiri. Mlimi wanzeru akafuna kudziwa ngati mbeu yatsopano iposa yakale, abzala zonse ziwiri m'munda umodzi, pa nthaka yofanana, m'caka cimodzi, nayeza zokolola zace. Momwemonso wofufuza apatsa gulu lina mankhwala amene ayesedwa, ndi gulu lina cithandizo ca masiku onse, ndipo asankha mwa maere amene alowe gulu liri lonse, kuti mtima wace ungakondere. Pakutha pa nthawi yoikika awerenga amene acira ndi amene sanacire m'magulu onse awiri.

Cacitatu aphunzira kucenjera ndi kudzinyenga yekha. Odwala amene afika pa cipatala cacikuru kawirikawiri ndi a pafupi, kapena okhala ndi ndalama ya ulendo, kapena odwala kwambiri. Amene anafera m'njira kapena kunyumba salembedwa m'buku la cipatala. Ndiponso matenda ambiri atha okha, kotero kuti mankhwala amene munthu anamwa pa tsiku lomariza alandira ulemu umene suli wace. Wofufuza wophunzitsidwa bwino afunsa nthawi zonse kuti, kodi ndani amene sanawerengedwe, ndipo kodi palibe cifukwa cina cimene cingalongosole zimene zaonekazi?

Cacinai aphunzira kulemekeza anthu amene afufuza pakati pao: kuwauza zoona m'cinenero cao, kupempha cilolezo cao, ndi kusunga cinsinsi cao. Cacisanu aphunzira nchito ya pa tebulo, imene ambiri aiyesa yaing'ono koma igwetsa ofufuza oculuka: kulemba dongosolo la nchito lisanayambike, kupempha ndalama ndi kuziwerengera bwino, kusunga ziwerengero m'kompyuta mosasokoneza, kulemba zopezazo kuti akatswiri ena aziyese ndi kuzitsutsa, ndi kuzipereka kwa akuru a Unduna wa za Umoyo m'mau omveka. M'maiko ano muli magazini osindikiza nkhani zotere, monga Malawi Medical Journal ndi Medical Journal of Zambia, ndipo ku Harare Michael Gelfand anayambitsa Central African Journal of Medicine m'caka ca 1955.

Njira zophunzitsira aphunzitsiwa zasintha ndi zaka. M'caka ca 1980 bungwe la Rockefeller Foundation la ku Amerika linayambitsa cigwirizano cochedwa INCLEN. Masukulu a udokotala a ku Afrika, Asia ndi Latin America anali kusankha aphunzitsi ao acinyamata ndi kuwatumiza ku mayunivesite a McMaster ku Canada, Newcastle ku Australia ndi Pennsylvania ku Amerika. Nzeru yace inali yakuti sukulu isatumize munthu mmodzi yekha, pakuti wobwera yekha ndi nzeru zatsopano afooka msanga pakati pa anzace osamumvetsa. Mutu umodzi susenza denga. Comweco sukulu iri yonse inali kumanga kagulu ka madokotala angapo, pamodzi ndi katswiri wa ziwerengero, wa za cuma ndi wa za makhalidwe a anthu. University of Zimbabwe inali imodzi ya masukuluwo, ndipo pambuyo pace Harare inayamba kuphunzitsa yokha maphunziro amene kale anthu anali kuolokera nyanja.

Kutumiza munthu kutali kuli ndi zobvuta zace. Ndalama zace ndi zambiri, ophunzira ndi odwala atsala opanda mphunzitsi, ndipo ena mwa otumidwawo sabwerera. Cifukwa cace mapangano a pambuyo pace anayesa kuphunzitsa munthu ali pa nchito yace. M'caka ca 2008 kunabadwa cigwirizano ca CARTA, cotsogozedwa ndi African Population and Health Research Center ya ku Nairobi ndi University of the Witwatersrand ya ku Johannesburg, ndipo University of Malawi inali mwa oyambitsa. CARTA inaika lamulo lakuti itenge okhawo amene ali kale pa nchito m'mayunivesite ndi m'mabungwe a m'cigwirizanoco. Munthuyo acita maphunziro apamwamba a PhD pa yunivesite ya mu Afrika momwemo, nafufuza bvuto la kwao, ndipo pa zaka za maphunziro ace akomana ndi anzace a m'maiko ena pa misonkhano inai yaitali yophunzirira pamodzi. Gulu loyamba linayamba m'caka ca 2011. Anaonanso kuti wofufuza sangayende yekha ngati omuyang'anira, osunga mabuku ndi osunga ndalama a pa yunivesite sadziwa nchitoyi, motero iwonso anapatsidwa maphunziro ao.

M'caka ca 2009 bungwe la Wellcome Trust la ku Britain linapereka ndalama za cigwirizano ca SACORE, cimene cinamanga pamodzi masukulu a udokotala a ku Blantyre, Lusaka ndi Harare ndi mayunivesite ena a ku South Africa ndi ku Britain, kuti aphunzitse ofufuza ndi kulimbitsa maofesi owathandiza. Kuyambira m'caka ca 2010 kufikira 2015 boma la Amerika linathandiza masukulu a udokotala 13 m'maiko 12 a mu Afrika ndi ndalama ngati madola 130 miliyoni pa nchito yochedwa MEPI, ndipo masukulu atatu onse aja analandirako.

Wina adzafunsa kuti, nanga munthu wa ku mudzi wapindulanji ndi zonsezi? Nazi zitsanzo zitatu, cimodzi ca dziko liri lonse, za aphunzitsi a madokotala amene anafufuza pa khomo pao.

Ku Lusaka, Pulofesa Chifumbe Chintu, dokotala wa ana pa University Teaching Hospital, ndi anzace anayesa mankhwala a mtengo wocepa amene ambiri awadziwa ndi dzina lakuti Septrin kapena Bactrim. Funso linali lakuti, kodi ana okhala ndi kacirombo ka HIV akamwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku atetezedwa? Akatswiri ambiri anali kukayika, pakuti tizirombo tambiri ta m'cigawo cino tinali titazolowera kale mankhwalawo. Ana 541 anagawidwa m'magulu awiri mwa maere. Mwa amene sanalandire mankhwalawo anamwalira 42 mwa 100, koma mwa amene analandira anamwalira 28 mwa 100. Kuyesako kunalekezedwa nthawi yace isanakwane kuti ana onse alandire mankhwalawo, zopezazo zinasindikizidwa m'caka ca 2004, ndipo mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza maiko kuti azipatsa ana otere mankhwalawa. Kukayika kwa akatswiri kunathetsedwa ndi ziwerengero za ku Lusaka.

Ku Blantyre, pa cipatala ca Queen Elizabeth, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzace anaona kuti ana ambiri anali kumwalira atangofika kumene, ena akudikirabe pa mzere. Anasintha kalandiridwe ka ana, naphunzitsa anamwino ndi anchito ena kuzindikira msanga mwana wodwala kwambiri ndi kumuturutsa pa mzere kuti athandizidwe pomwepo. Popeza anali kulemba ziwerengero kusinthako kusanacitike ndiponso kutacitika, anatha kuonetsa m'caka ca 2006 kuti imfa za ana ogonekedwa zinatsika kucokera pa 10 kufikira 18 mwa 100, nizifika pa 6 kufikira 8 mwa 100. Panalibe mankhwala atsopano pamenepa. Kunali kuona, kuwerenga ndi kukonza.

Ku Harare, Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo ndi mphunzitsi pa University of Zimbabwe, anaona kuti madokotala a mtundu wace ndi ocepa kwambiri poyerekeza ndi anthu obvutika ndi nthenda imene m'Cishona aichula kuti kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira. M'caka ca 2006 anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare kumvetsera ndi kulangiza anthu otere atakhala nao pa benchi panja pa cipatala. Sanakhutire ndi mau a anthu oyamika, koma anayesa nchitoyo pa anthu 573 m'zipatala zazing'ono 24. Zopeza zace, zosindikizidwa m'caka ca 2016, zinaonetsa kuti patapita miyezi 6, mwa amene anaceza ndi agogo aja anthu ngati 14 mwa 100 ndiwo anali ndi zizindikiro za kupsinjika mtima, pamene m'gulu linalo anali ngati 50 mwa 100.

Koma zobvuta ziripo, ndipo siziyenera kubisika. Mphunzitsi wa madokotala ayamba m'mawa kuona odwala, masana aphunzitsa, usiku aitanidwa ku cipatala. Kufufuza kufuna nthawi yabata imene iye alibe. Yunivesite imene itumiza mphunzitsi kukaphunzira, nimubwezera katundu yense wakale atabwera, yataya mbeu yace pa thanthwe. Ndalama zambiri za nchitoyi zicokera kunja, ndipo mapangano ace akhala ndi malire a zaka zowerengeka, monga anathera a SACORE ndi MEPI. Mwini ndalama kawirikawiri asankhanso funso loti lifufuzidwe, ndipo nthawi zina dzina la mwini dziko amene anagwira nchito yolemetsa lilembedwa pambuyo. Mlendo abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ayenera kulandiridwa ndi manja awiri; koma akuru ananenanso kuti mlendo ndi mame. Cifukwa cace bungwe lija la m'caka ca 1990 linalangiza kuti dziko liri lonse lizipatula magawo 2 mwa 100 a ndalama zace za umoyo kuti zipite ku kufufuza. Mphunzitsi amene aona kuti kwao kuli malo ogwirira nchito, malipiro okwanira ndi akuru omvera zopeza zace, sakhumbira msanga kusamukira ku dziko la eni.

Otsiriza kunenedwa ndinu omvera, pakuti popanda inu nchitoyi siingacitike. Tsiku lina ofufuza adzafika m'mudzi mwanu kapena pa cipatala canu ndi mapepala ndi mafunso. Dziwani kuti palibe wololedwa kufufuza pa anthu asanalandire cilolezo ca bungwe loyang'anira nchito zotere. Ku Malawi kuli National Health Sciences Research Committee, ku Zambia kuli National Health Research Authority imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2013, ndipo ku Zimbabwe kuli Medical Research Council of Zimbabwe. Mayunivesite alinso ndi makomiti ao. Mfumu kapena wina ali yense angathe kupempha kuona kalata ya cilolezoco. Wofufuza ayenera kukuuzani m'cinenero canu cimene afuna kudziwa, cimene adzakucitani, zoopsa zace ndi phindu lace. Muli ndi ufulu wa kukana, ndipo mukakana mudzalandirabe cithandizo ca cipatala monga kale. Mukabvomera lero, mungathe kuleka mawa.

Mantha a za magazi ndi akale m'maiko ano. Mbiri za banyama ndi za anamapopa zasautsa anthu mibadwo ingapo, ndipo m'caka ca 2017 anthu osalakwa anaphedwa kum'mwera kwa Malawi cifukwa ca mbiri zotere. Mankhwala a mantha ndiwo kufunsa poyera, masana, pamaso pa mfumu ndi anthu onse. Ngati apempha magazi, funsani kuti atenga oculuka bwanji, akayeza ciani, akasungidwa kuti, ndipo zotsatira zace mudzazimva liti. Wofufuza wophunzitsidwa bwino sakwiya ndi mafunso amenewa, pakuti anaphunzitsidwa kuwayembekezera ndi kuwayankha. Amene akwiya kapena kubisa kalata yace, kamuneneni kwa mkuru wa za umoyo wa m'boma lanu. Safunsa anadya phula.

Ndipo nchito ikatha, kumbutsani ofufuzawo kuti abwerenso kudzanena zimene anapeza, pakuti mayankhowo anacokera m'kamwa mwanu ndi m'matupi a ana anu. Mphunzitsi amene abwerera ku mudzi kukapereka mau otere aphunzitsa ophunzira ace phunziro limene sangalipeze m'buku, ndipo dokotala amene adzalandira mdzukulu wanu zaka 20 zikudzazi adzakhala wophunzira wa mphunzitsi ameneyo.

Nkhani ya lero yathera pamenepa.